Malo a alendo ku Koeberg: amakaniko anzanga, kaoneniko

Ntchito yanga ndi yokonza mapampu ndi mainjini kuno ku Cape Town, ndiye ndikaona makina funso langa loyamba limakhala lakuti: akawonongeka, sipanala ilowera pati? Malo olandirira alendo amene Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, inakonza pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya Koeberg, pafupi ndi Melkbosstrand, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzindawu, anandiyankha funsoli mondikhutiritsa.

Mkati mwenimweni mwa siteshoni alendo salowamo. Chimene mumaona ndi zifaniziro ndi zithunzi zosonyeza mmene magetsi a nyukiliya amapangidwira, koma kwa munthu wa manja zimenezi zikukwana.

Ma reactor, momwe mumachokera kutentha kwa nyukiliya, alipo awiri, omangidwa ndi kampani ya ku France ya Framatome. Yoyamba inayamba ntchito mu 1984, inzake mu 1985. Ubwino wokhala awiri ndi wakuti ina akaizimitsa kuti aikonze, inayo imapitiriza kupereka magetsi. Mapampu ofunika ndi majenereta a dizilo nawonso amaikidwa oposa amodzi, kuti wina akafa mnzake anyamule ntchito.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa chifaniziro cha madzi. Madzi odutsa mu reactor amazungulira m'mapaipi awoawo, sasakanikirana ndi madzi opanga nthunzi yoyendetsa turbine, makina ozunguza jenereta ya magetsi. Amangopatsirana kutentha mu steam generator, chithanki chopangira nthunziyo. Madzi a m'nyanja ya Atlantic nawo ali ndi njira yachitatu, yoziziritsira. Ndiye kuti okonza turbine amagwira ntchito kutali ndi mbali yoopsa ya reactor. Amene anaganiza zimenezi ankamuganizira munthu wovala ovolosi, ndipo ine zinandikhudza.

Ma steam generator amenewa ndi zimphona, iliyonse yoposa matani 300, ndipo reactor iliyonse ili nawo atatu. A pa reactor yoyamba anawachotsa n'kuikapo atsopano mu 2023, kenako mu 2024 boma linalola kuti igwirenso ntchito mpaka 2044. Pansi pa nyumba ya ma reactor anayalapo mphira zoti zimeze chivomezi, ndipo anasiya mpata woti anthu azilowa kukaziyendera.

Ana a sukulu angasangalale, makamaka poti kunja kuli nkhalango yotetezedwa yokhala ndi mbidzi ndi nchefu. Koma ine ndikuitana makamaka inu achimwene a magalaja ndi ma welding amene muli kuno. Yambani mwaimba foni kuti mudziwe masiku otsegulira, ndipo musaiwale pasipoti kapena chiphaso chanu.