Chipatala cha ziweto chimene chimathandiza kusankha tsiku lotsanzikana ndi mphaka wokalamba

Zipatala zina za ziweto zili ndi ntchito yapadera yosamalira nyama zimene zafika kumapeto kwa moyo, ndipo ntchitoyi ili ndi mbali ziwiri: kukhala pansi ndi dokotala n'kukambirana mmene chiweto chikukhalira, ndiponso kubwera kwa dokotalayo kunyumba kudzabaya jakisoni wothetsa moyo mopanda ululu nthawi ikakwana. Banja lathu linadutsa mbali zonse ziwirizi chifukwa cha mphaka wathu wamkazi wa zaka 18 amene ankadwala impso. Maganizo anga ndi akuti phindu lalikulu la ntchitoyi lili pa kukambirana koyambako, ngakhale kuti anthu ambiri amaimbira foni chipatala atasankha kale, akungofuna tsiku la jakisoni.

Chimene chimavuta pa mphaka wokalamba n'chakuti nthawi zambiri salira akamamva ululu. Amangochepetsa zochita, amagona kwambiri, amasiya kudumphira pamalo okwera, ndipo mwini wake amaganiza kuti ndi ukalamba basi. Wathuyu ankamwa madzi ochuluka, ankakodza pafupipafupi, ankasanza m'mawa, ndipo anaonda mpaka mafupa a msana ankamveka ngati mikanda pansi pa chala. Adokotala anatisonyeza zotsatira za magazi n'kutifotokozera kuti bungwe la akatswiri a matenda a impso za ziweto la International Renal Interest Society limagawa matenda a impso okhalitsa m'magawo anayi, ndipo mphaka amene creatinine wake (chinyalala cha m'magazi chimene impso zimayenera kuchotsa) wapitirira 5.0 mg/dL amakhala m'gawo lachinayi, lomwe ndi lomaliza. Wathuyu anali m'gawo limenelo. Chimene chinandipatsa chikhulupiriro mwa adokotalawa n'chakuti atangonena zimenezi anaika pepalalo pambali, n'kunena kuti manambala a magazi amasonyeza mmene impso zawonongekera koma sanena ngati mphaka akukondwabe ndi moyo wake, popeza amphaka awiri okhala ndi manambala ofanana akhoza kukhala mosiyana kwambiri.

Kukambiranako kunatenga nthawi yaitali kuposa kupima kwa masiku onse, ndipo palibe amene anatifulumizitsa. Funso lawo loyamba linali lakuti: "Mayi, musandiuze kaye za lero. Tandiuzeni zinthu zimene ankakonda kuchita ali bwinobwino, kenako tione kuti ndi ziti zimene akuchitabe." Funso limeneli ndi lanzeru kuposa mmene limamvekera, chifukwa munthu amene amaona chiweto tsiku lililonse amazolowera kufooka kwake pang'onopang'ono, ndipo sazindikira kuti zimene akuzitcha tsiku labwino lero akanazitcha tsiku loopsa chaka chatha. Titatchula kukhala pazenera padzuwa, kudzinyambita akatha kudya, ndi kubwera kudzatichingamira pakhomo, tinaona tokha kuti chinatsala n'chimodzi chokha, ndipo ngakhale pazenerapo tinkachita kumunyamulira.

Kenako anatipatsa muyeso umene unakonzedwa ndi dokotala wa khansa ya ziweto, Alice Villalobos, mu 2004. Muyesowu uli ndi mbali zisanu ndi ziwiri: ululu pamodzi ndi kapumidwe, kudya, madzi m'thupi, ukhondo, chisangalalo, kuyenda, ndiponso ngati masiku abwino akuchuluka kuposa oipa. Mbali iliyonse imapatsidwa mamalikisi osapitirira 10, ndipo onse akaphatikizidwa n'kupitirira 35, moyo wa chiwetocho umatengedwa kuti ndi wopiririka. Ine ndili ndi maganizo awiri pa muyeso umenewu. Ubwino wake ndi wakuti umakakamiza munthu kuyang'ana zimene amazipewa, makamaka ukhondo, chifukwa mphaka amene wasiya kudzinyambita kapena amene akudziipitsira pogona wataya chinthu chachikulu pa khalidwe lake. Kuipa kwake ndi kwakuti nambala imaoneka yodalirika kuposa mmene ilili. Ine ndi amuna anga tinalemba aliyense payekha, ndipo mamalikisi athu anasiyana kwambiri, mmodzi ali pamwamba pa 35, wina ali pansi. Adokotala sanasankhe kuti wolondola ndani. Anatiuza kuti tiyang'ane mbali zimene tasiyanazo, ndipo zinapezeka kuti aliyense ankamuona mphakayo nthawi yosiyana: ine madzulo atamwa mankhwala, iwo m'bandakucha pamene nseru inkamuvuta kwambiri. Anawonjezeranso kuti mbali imodzi yokha ikhoza kuposa zina zonse, ndipo mphaka amene akuvutika kupuma sangapulumutsidwe ndi mamalikisi abwino a kudya. Chipatala chimene chikanangotipatsa pepalalo kuti tikadzaze kunyumba chikanatisiya tikukangana.

Pa nkhani ya ululu anatiphunzitsa kuwerenga nkhope pogwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Feline Grimace Scale, umene akatswiri a ku yunivesite ya Montréal ku Canada anaufalitsa mu 2019. Munthu amayang'ana zinthu zisanu: makutu ngati atembenukira m'mbali, maso ngati atsinzinidwa, kukamwa ngati kwalimba, ndevu ngati zawongoka n'kuloza kutsogolo, ndi mutu ngati watsikira pansi pa mapewa. Chilichonse chimapatsidwa 0, 1 kapena 2, ndipo zikafika 4 pa 10 ndiye kuti mphakayo akufunika mankhwala a ululu. Ananena poyera kuti muyesowu unakonzedwera ululu wobwera mwadzidzidzi, choncho sungagwire bwino ululu wa nyamakazi umene umadya pang'onopang'ono. Anatichenjezanso kuti phokoso lapansipansi la m'khosi limene amphaka amachita akamasisitidwa si umboni wa chisangalalo nthawi zonse, chifukwa amalichitanso akamadwala kapena akakhala ndi mantha, ndiponso kuti tisayerekeze kumupatsa paracetamol, pakuti mankhwalawa ndi poizoni kwa mphaka.

Sanatikankhire ku jakisoni tsiku lomwelo. Anatipatsa maropitant wochepetsa kusanza ndi mirtazapine wobwezeretsa chilakolako cha chakudya, anatiphunzitsa kubaya madzi pansi pa khungu, ndipo anatilangiza kusintha bokosi lake lochitiramo chimbudzi kuti likhale lalifupi m'mbali. Koma thandizoli analiikira malire, ndipo apa mpamene ndinaona kusiyana kwa ntchitoyi ndi kupima wamba. Tinagwirizana pasadakhale zizindikiro zimene zikaoneka sitidzadikiranso: kukana chakudya kotheratu ngakhale akumwa mankhwala, kupuma atatsegula kukamwa, kukomoka kogwedezeka, kulephera kuimirira, kapena kuyamba kutibisala chifukwa choopa singano. Chomalizachi anachigogomezera, ponena kuti chithandizo chimene chachititsa mphaka kuthawa anthu ake chayamba kumulanda zimene chinkayenera kuteteza. Anatiuzanso kuti tizilemba pa kalendala madzulo aliwonse ngati tsikulo linali labwino kapena loipa, tisanagone n'kuiwala.

Anthu ambiri amalakalaka kuti mphaka wawo angofa ali m'tulo, ndipo nditafunsa za zimenezi adokotala anayankha mosabisa. Anati impso zikasiyiratu kugwira ntchito, zinyalala zimadzaza m'magazi, zomwe zimabweretsa nseru yosatha, zilonda m'kamwa, kufooka kwakukulu ndipo nthawi zina kukomoka, choncho imfa yotereyi kawirikawiri sikhala yabata. Anawonjezera kuti palibe tsiku limodzi lokha lolondola, koma pali nyengo imene kutsanzikana kumakhala kwachifundo, ndipo amene amadikira mpaka kumapeto kwa nyengoyo nthawi zambiri amathera m'galimoto usiku akuthamangira kuchipatala. Mawuwa anali olemera, koma ndinawayamikira kuposa chitonthozo chabodza.

Tsiku la kubwera kwawo linayenda monga anatifotokozera. Anayamba ndi jakisoni wogonetsa, ndipo patapita mphindi zingapo mphakayo anagona tulo tofa nato pa bulangeti lake. Atatero anameta pang'ono pamwendo n'kubaya pentobarbital mumtsempha, mankhwala amene amaziziritsa ubongo kenako n'kuimitsa kupuma ndi mtima m'kanthawi kochepa. Anali atatiuziratu kuti maso sadzatsekeka, kuti thupi likhoza kunjenjemera pang'ono kapena kupuma kamodzi mozama, kuti mkodzo ukhoza kutuluka, ndipo kuti zonsezi sizitanthauza kuti akumva kalikonse. Anatiuziratunso kuti mitsempha ya mphaka wowonda ndi wosowa madzi imavuta kupeza, choncho ikakanika adzabaya malo ena iye ali m'tulo tofa natoto. Anamvetsera mtima ndi chida chawo asananene kuti wapita, kenako anatuluka panja kutipatsa mpata. Pa mbali imeneyi ndilibe chodandaula, ndipo kwa mphaka amene amaopa bokosi loyendera ndi fungo la chipatala, kumupewetsa ulendo womaliza n'chinthu chamtengo wapatali.

Zodandaula zanga zonse zili ku ofesi. Choyamba, ndipo chachikulu, n'chakuti kubwera kunyumba kumafuna kusungitsa malo pasadakhale, ndipo sikuchitika usiku kapena kumapeto kwa sabata. Zimenezi n'zomveka kwa chipatala chokhala ndi madokotala ochepa, koma olandira alendo sanatiuze, ndipo tinazidziwa mwangozi titafunsa tokha. Banja limene likuganiza kuti lidzaimba foni zinthu zikafika poipa likhoza kupeza kuti ntchito imene linkaidalira palibe pa ola limene ikufunika. Chachiwiri, nthawi iliyonse imene tinkaimba foni ankayankha munthu wina, ndipo tinkabwereza nkhani yonse kuyambira pachiyambi, pamene mzere umodzi wolembedwa pa khadi la wodwalayo ukanakwanira.

Chachitatu chinali fomu ya za mtembo, imene inabwera tsiku lomalizalo. Pa fomuyo tinafunika kusankha ngati awotchedwe yekha kuti tilandire phulusa, awotchedwe pamodzi ndi ziweto zina, kapena timukwirire tokha. Adokotala anafotokoza bwino kuti wofuna kukwirira akumbe dzenje lakuya, chifukwa pentobarbital amatsalira m'thupi ndipo akhoza kupha galu kapena mbalame imene ingafukule n'kudya, koma imeneyi si nkhani yoti munthu aimve koyamba atagwira cholembera ndi dzanja lonjenjemera. Malo ake oyenera anali kukambirana koyamba kuja, pamene mitu yathu inkagwira ntchito. Kulipira kokha anakukonza mwanzeru, chifukwa anatilola kumaliza pasadakhale kuti tsikulo pasakhale za ndalama. Koma patapita masabata angapo, foni yanga inalandira uthenga wa kompyuta ya chipatalacho wotikumbutsa tsiku la katemera wa mphaka yemweyo. Anapepesa titawauza, komabe chipatala chimene chimadzitcha chodziwa za kumapeto kwa moyo sichiyenera kuiwala kutseka khadi la wodwala amene dokotala wake yemwe anatsimikiza imfa yake.

Amene ali ndi mphaka wopitirira zaka 10 wodwala matenda osachiritsika ndingamulimbikitse kupempha kukambiranako mphakayo akadali kudya yekha, ngakhale ngati sakufuna kuti dokotala adzabwere kunyumba. Pa foni yoyamba afunse ngati dokotala wokambirana naye ndi yemweyo amene adzabwere, afunse masiku ndi maola amene amayendera anthu, afunse kumene angathamangire zinthu zikasintha usiku, ndipo apemphe kuti fomu ya za mtembo amupatse tsiku lomwelo kuti akaiwerengere kunyumba.