Foni kapena kamera yobwereka, Facebook kapena YouTube?

Magulu ambiri a achinyamata ochita masewero m'matchalitchi ndi m'masukulu kuno ku Chipata tsopano akufuna kujambula kafilimu kawokawo, ka mphindi 10 kapena 15. Nkhani ali nayo, osewera alipo, chovuta ndi m'thumba. Akakhala pansi amakangana pa zinthu ziwiri: ajambulire chiyani, ndipo akamaliza akaike pati. Kwa ine mafunso onsewa amayankhidwa ndi munthu amene adzaonere. Ameneyo ali pa msika wa Kapata kapena m'minibasi ya ku Katete, wagwira foni m'manja, bandulo yake ndi yaing'ono, ndipo mawu akumvera pa kasipika ka foniyo pakati pa phokoso.

Kamera yobwereka kwa anzathu ojambula maukwati ili ndi mphamvu zimene foni ilibe, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Mukhoza kusintha malenzi. Nkhope ya wosewera imaoneka bwino kumbuyo kuli mbuu, maso a woonera n'kukhazikika pamene mukufuna. M'nyumba ya kawindo kamodzi, kapena madzulo pamoto, kamera imagwirabe chithunzi chooneka pamene foni yayamba kutulutsa timadontho ngati mchenga. Ngati nkhani yanu yambiri ikuchitika usiku, kamera yapambana, musavutike n'kukangana.

Koma kamera imalipiridwa pa tsiku, ndipo kawirikawiri imabwera ndi mwini wake. Tsiku limene osewera anu onse ali ndi mpata ndi Loweruka, tsiku lomwelo mwini kamera ali ku ukwati kumene amapeza ndalama yeniyeni. Mukaipeza, mumathamangitsa aliyense kuti zonse zithe dzuwa lisanalowe. Mayi amene akusewera ngati apongozi akaphonya mawu, mumangoti "zili bwino, tiyeni kutsogolo," chifukwa nthawi ndi ya eni. Apa m'pamene mafilimu athu ambiri amafera. Wosewera wa pa siteji anazolowera kukuwa ndi kutambasula manja kuti wa kumbuyo aone, ndipo pamafunika kubwereza kangapo kuti aphunzire kulankhula modekha kamera ili pafupi ndi nkhope. Foni ndi yanu. Chigawo chikakanika lero, mawa m'mawa mukubwereranso pa khonde lomwelo popanda kulipira ngwee.

Foniyo imafuna kuilamulira. Mukaisiya yokha imasinthasintha kuwala munthu akangodutsa, choncho musanayambe ikani focus (pamene chithunzi chiyenera kuoneka bwino) ndi kuwala kuti zisasinthe. Pulogalamu yaulere ya Open Camera pa Android imalola zimenezi. Pa kukula kwa chithunzi, sankhani 1080p, osati 4K. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho tochuluka kanayi, chimadzaza memore msanga, chimatenthetsa foni pa dzuwa la Okutobala, ndipo woonera wanu sadzaona kusiyana. Ngati foni ikulola, ikani mafulemu (zithunzi zimene foni imajambula) 25 pa sekondi m'malo mwa 30 mukamajambula pa magetsi a m'nyumba, chifukwa magetsi a ku Zambia amayenda pa 50 Hz ndipo mababu ena amaphethira m'chithunzi mukasiya pa 30. Zumu ya foni isiyeni, senderani ndi miyendo.

Pali pamodzi pamene foni ndi kamera zimagwa limodzi: mawu. Maikolofoni ya m'kati mwa kamera yodula imatola zomwezo zimene ya foni imatola. Taimani kaye pamalo amene mwasankha, mutseke maso. Chigayo chikulira kuseri, njinga yamoto ikukwera mtunda, tambala wa aneba sakudziwa kuti mukujambula, ana akuitanizana ku mjigo. Mu Ogasiti mphepo imawomba m'maikolofoni mpaka mawu a munthu kusowa, ndipo nthawi ya dzinja mvula ikangoyamba pa malata, basi ntchito yaima. Woonera amapirira chithunzi chakuda pang'ono, koma akalephera kumva zimene apongozi anena, chala chimapita pa kanema wina.

N'chifukwa chake ndalama imene mukanalipira kamera ine ndikanagulira kamaikolofoni kopanira pa kolala. Ka waya ndi kotchipa ndipo sikafuna kutchaja, koma kamamanga wosewera pamalo amodzi. Kopanda waya kamamumasula kuti ayende, koma ndi batire linanso loti muzilikumbukira. Ngati zonsezi palibe, foni yachiwiri imagwira ntchito: iikeni pa kujambula mawu, muibise m'thumba la malaya kapena kuseri kwa poto pa tebulo, pafupi ndi pakamwa pa wolankhula. Poyamba chigawo chilichonse wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti podzalumikiza mudzaone pamene mawu ndi chithunzi zikukumana. Musanachoke, aliyense akhale chete mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo. Lidzakuthandizani kutseka mipata.

Pa kudula ndi kulumikiza, ambiri amasankha pakati pa CapCut pa foni ndi DaVinci Resolve pa kompyuta. Resolve ili ndi mtundu waulere ndipo pa kukonza mitundu ndi mawu imaposa kutali, koma imafuna kompyuta yamphamvu, ndipo kompyuta imafuna magetsi. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, mmene malaiti ankapitira maola ambirimbiri. Foni imadzuka ndi power bank kapena kasola. Kwa kafilimu koyamba CapCut ikwanira. Chenjerani ndi nyimbo zokha: mukaika nyimbo ya woimba wotchuka, Facebook ikhoza kuzimitsa mawu a chigawocho, ndipo YouTube ikhoza kutsekereza kanemayo kapena kupereka phindu lake kwa mwini nyimbo. Pemphani kwaya ya kwanu kapena mnzanu wa gitala, mugwirizane polemba. Chimodzimodzi ngati nkhani ikukhudza Gule Wamkulu, kapena mukufuna zithunzi za Nc'wala ku Mtenguleni kapena Kulamba ku Mkaika: yambani mwagwada kwa mafumu ndi akuluakulu. Si zonse zooneka ndi maso zimene zili zoti zijambulidwe.

Tsopano poika. Facebook ndi kumene kuli anthu athu. Azakhali a wosewera akaona mwana wawo amagawira mpingo wonse tsiku lomwelo, ndemanga n'kumagwa m'Chinyanja, ena kutukwana apongozi a m'filimu ngati ndi munthu weniweni. Chisangalalo chimenecho YouTube siingakupatseni sabata yoyamba. Koma pa Facebook kanema amamira msanga. Pakapita masabata angapo, ngakhale amene anamukonda amavutika kumupeza. Komanso ambiri amayamba kumuona mawu atazimitsidwa, ndiye ngati masekondi oyamba ndi maina a ojambula pa chinsalu chakuda, wadutsa kale.

YouTube imayamba mozizira, koma imasunga. Munthu akalemba dzina la filimu chaka chamawa adzaipeza. Woonera amatha kutsitsa chithunzi kufika pa 240p kapena 360p kuti bandulo isathe, chinthu chachikulu kwa munthu wa pa Kapata uja. Mukhozanso kuwonjezera mawu olembedwa a Chingerezi amene woonera amayatsa yekha, kuti wa ku Kitwe atsatire nkhani popanda kudetsa chithunzi cha wa ku Chadiza. Ndipo tisaiwale kuti Lilongwe ili pafupi nafe kuposa Lusaka. Kungodutsa pa Mwami kuli anthu mamiliyoni olankhula chilankhulo chathu, ena ali ku Tete, ena akugwira ntchito ku Johannesburg ndipo ali ndi njala ya zakwawo. Mutu wa filimu ndi mawu ofotokozera mukalemba m'Chichewa, amenewo ndi amene adzakupezeni. Dziwani kuti akaunti yatsopano imalola mphindi 15 zokha mpaka mutatsimikiza nambala ya foni. Za malipiro musawerengere msanga: kuti mugawane ndi YouTube ndalama za malonda pamafunika olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, ndiponso ndondomekoyo siili m'maiko onse.

WhatsApp imafinya kanema mpaka nkhope kusungunuka, pokhapokha mutatumiza ngati document, ndipo ikangotuluka simudziwanso amene waonera. TikTok imafuna chithunzi choimirira, pamene filimu ya anthu awiri okambirana pa mphasa imakhala bwino chopingasa; zimenezi muzigamule musanajambule, osati pa kudula. Ziwirizi ndi zabwino pa kachidutswa koitanira anthu.

Ine ndikanachita motere: filimu yonse pa YouTube, kachigawo kotentha ka mphindi imodzi pa Facebook ndi pa status, mawu olembedwa ali pa chithunzi pomwepo, kenaka pakapita milungu ingapo n'kuika yonse pa Facebook kwa amene safuna kutuluka m'menemo. Koma ngati mumalakalaka kutumiza ku zikondwerero za mafilimu kudzera pa webusaiti ya FilmFreeway, werengani malamulo awo musanaike paliponse, chifukwa zina sizilandira filimu imene yaonetsedwa kale poyera pa intaneti. Podikira yankho, iikeni pa YouTube ngati unlisted, kuti aione okhawo amene mwawapatsa linki.