Chithandizo cha ana ochedwa kukula pa malo ena a mpingo ku Lilongwe: mmene ndachionera

Mu mzinda wa Lilongwe muli malo ena oyendetsedwa ndi Akhristu amene amathandiza ana ochedwa kukhala, kukwawa, kuyenda, kulankhula kapena kudya okha. Ndikulemba monga bambo wa mtsikana amene anabanika pobadwa n'kupezeka ndi cerebral palsy (vuto la kayendedwe ka ziwalo lobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo), ndipo wakhala akulandira chithandizo cha occupational therapy (chophunzitsa munthu kuchita yekha zinthu za tsiku ndi tsiku) pamalopa kwa nthawi ndithu. Chimene chandisunga kumeneko ndi chakuti anthu ake amapemphera ndi mtima wonse koma salonjeza zozizwitsa, ndipo ntchito yaikulu amaiika m'manja mwa kholo.

Tsiku loyamba amapempha buku la kusikelo ndi makalata a kuchipatala, kenaka amafunsa mwatsatanetsatane za mimba, za ubadwidwe wa mwana, ngati anachita chikasu masiku oyamba, ngati anadwalapo malungo a mu ubongo kapena ngati amakomoka. Mafunsowa ndi oyenera, chifukwa kubanika pobadwa, chikasu chachikulu, malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi ndi zina mwa zinthu zimene zimavulaza ubongo wa ana kuno kwathu. Mwana wokomokakomoka samuyambitsa zochita zolemetsa, amayamba amutumiza kuchipatala kuti akaonedwe za khunyu ndi kulandira mankhwala. Amene mapazi ake anapindika ndipo angafunike opaleshoni amamulembera kalata yopita kwa madokotala a mafupa, ndipo ena amafika mpaka ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala cha Chikhristu cha ana chimene chinatsegulidwa mu 2002.

Kumene malowa amachita bwino koposa ndi pa nkhani ya kudya. Mwana wathu ankatsamwa pafupifupi nthawi zonse tikamamumwetsa phala, ndipo kunyumba tinkamugoneka chagada pamiyendo, monga amachitira ambiri, poganiza kuti phala lilowa msanga. Wothandiza anayamba wangoonerera mayi ake akumudyetsa, osanena kanthu, kenaka anamukhazika mwanayo tsonga, chiuno ndi mawondo zitapindika, mutu utaweramira pang'ono kutsogolo, n'kuuza mayi ake kuti: "Mayi, supuni ibwere kuchokera kutsogolo, osati pamwamba, ndipo mudikire ameze musanaonjezere." Anafotokoza kuti mwana akadya mutu uli chagada, chakudya chimatha kulowa m'njira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo, ndiponso kuti phala lolimbirako limamezeka bwino kusiyana ndi lamadzimadzi. Supuni anaikulunga chogwirira ndi nsalu kuti chinenepe, kapu ya pulasitiki anaidula mbali imodzi kuti mphuno isagunde mwana akamamwa. Zinthu zimenezi n'zosawononga ndalama, koma chifuwa chimene chinkatipititsa kuchipatala pafupipafupi chinachepa.

Zipangizo zina nazonso ndi za pakhomo. Mipando yokhazikira ana amaipanga ndi makatoni, mapepala ndi phala la ufa lomatira, ndipo ikauma imalimba mosayembekezeka. Amayeza msinkhu wa mwana aliyense kuti mpando umukwane. Pophunzitsa zala kugwira amagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, mapegi oyanikira zovala ndi mabatani osokerera pansalu. Kholo limachita chilichonse ndi manja ake pamaso pa wothandiza lisanapite kwawo, ndipo likabweranso limafunsidwa kuti lionetse zimene lakhala likuchita. Kholo laulesi limaonekera pomwepo, ndipo amalidzudzula mwaulemu koma mosabisa mawu.

Za chikhulupiriro ndinali ndi nkhawa poyamba, popeza makolo ambiri amafika pamalo ngati awa atazungulira kale kwa asing'anga ndi kwa aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa, ndipo ena anauzidwa kuti mwana analodzedwa kapena kuti bambo ake anamukhwimira kuti alemere. Pamalopa tsiku limayamba ndi nyimbo, pemphero ndi mawu ochepa, ndipo nkhani imene imabwerezedwa kawirikawiri ndi ya pa Yohane 9, pamene Yesu anayankha ophunzira ake kuti munthu wobadwa wosaona uja sanachimwe iye kapena makolo ake. Kwa mayi amene mwamuna anamuthawa, apongozi n'kumuloza chala, mawu amenewa si achabe. Pemphero likatha aliyense amayala mphasa n'kuyamba ntchito, ndipo sindinamvepo wogwira ntchito akuuza kholo kuti mwana sakuyenda chifukwa chikhulupiriro n'chochepa, kapena kuti asiye mankhwala a khunyu. Amayi achisilamu amabweranso ndi ana awo ndipo amathandizidwa chimodzimodzi, ngakhale kuti ndikanakonda atauzidwa momveka tsiku loyamba kuti kukhala nawo pa mapemphero n'kosakakamiza, chifukwa ena amaoneka omangika.

Zodandaula zilipo. Akatswiri a occupational therapy ndi ochepa kwambiri m'Malawi, ndipo pamalopa ntchito yambiri imagwiridwa ndi othandizira awo, pamene katswiri weniweni amaona mwana mwa apo ndi apo. Mzere umatalika, kotero kuti wofika m'mawa akhoza kudikira mpaka dzuwa litakwera kuti aonedwe kwa kanthawi kochepa, mwana atatopa kale ndi njala. Akatswiri ena ndi alendo odzipereka ochokera kunja amene amakhala miyezi yochepa, ndipo akachoka wobwera kumene amayambanso kufunsa zimene tinayankha kale, zomwe zikuonetsa kuti kasungidwe ka mafayilo kakufunika kukonzedwa. Ulendo nawo ndi wolemetsa: mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kumubereka kumbuyo, kukwera naye minibasi kenaka kabaza, ndi chifukwa chake mabanja ena amasiya kubwera nthawi ya dzinja. Chinanso chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti za sukulu salankhula mokwanira, chonsecho mwana akayamba kugwira pensulo kholo limafuna kudziwa sukulu ya pulayimale imene ili ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Abambo pamphasa paja timakhala ochepa zedi, ndipo ogwira ntchito akanachita bwino kukonza tsiku lina, ngakhale Loweruka, loti amuna ogwira ntchito azibwera, popeza mwana akamakula amene angathe kumunyamula ndi kumuimiritsa ndi bambo.

Kwa kholo limene likuganiza zopita ndi mwana kumalo otere, ndinganene kuti lipite msanga, lisadikire kuti mwana akule, chifukwa ubongo wa mwana wamng'ono umaphunzira mofulumira ndipo ziwalo zimakhala zisanaume. Litenge buku la kusikelo, chakudya cha mwana ndi thewera losinthira, ndipo lifunse tsiku limene katswiri amapezeka. Cerebral palsy siichira, ndipo pamalopa anatiuza zimenezi poyera kuyambira pachiyambi. Mwana wathu sanayambe kuyenda, koma tsopano amakhala pampando wake, amadya nsima yofewa ndi dzanja lake lamanzere, ndipo panopa tikuphunzira kuvula juzi.