Miyezi 14 mu mpingo umodzi: zimene ndaona ndi zimene sizinandikhutiritse

Ena anganene kuti mpingo si sitolo kuti munthu aziuunika ndi kuupatsa malikisi, ndipo ndikuvomereza kuti mu mpingo muli zinthu zimene palibe angaziike pa sikelo. Komabe mpingo umalonjeza ntchito, uli ndi anthu outsogolera, ndiponso umalandira nthawi, ndalama ndi chikhulupiriro cha anthu, kotero sikulakwa kufunsa ngati ukuchitadi zimene umanena. Ndakhala ndikupemphera mu mpingo wina kwa miyezi 14 chisamukireni kudera limene ndikukhala tsopano. Dzina lake sinditchula, chifukwa zina mwa zimene ndilembe pano ndi madandaulo, ndipo madandaulowo ndinawatula kale kwa eni ake pamaso, monga kuyenera kukhalira.

Pakhoma la kumbuyo kwa guwa panalembedwa kuti Mateyu 28:19-20, ndime imene Yesu akutuma ophunzira ake kuti apite kwa anthu a mitundu yonse, awabatize ndi kuwaphunzitsa kusunga zonse zimene anawalamula. Ndimeyi ndinaionapo pa makoma ambiri, ndipo kawirikawiri mipingo imagwiritsa mawu oti kupita ndi kubatiza, koma ikafika pa kuphunzitsa manja amalefuka. Mpingo uno wandidabwitsa chifukwa mphamvu zake zambiri zili pa kuphunzitsako. Munthu watsopano, kaya anabatizidwa kale kaya ayi, amapemphedwa kulowa kalasi ya Loweruka masana, ndipo ine amene ndinakulira m'tchalitchi ndinapita monyinyirika poganiza kuti akandibwerezera zimene ndinaloweza ndili mwana. Mkulu wa mpingo amene ankatiphunzitsa anatenga Chikhulupiriro cha Atumwi mzere ndi mzere, kenaka anatifotokozera chifukwa chake mabishopu anasonkhana ku Nicaea m'chaka cha 325, pamene chiphunzitso cha Arius chonena kuti Mwana wa Mulungu ndi wolengedwa chinagawanitsa Akhristu, ndi momwe msonkhano wa ku Constantinople wa mu 381 unawonjezera mawu onena za Mzimu Woyera pa chikhulupiriro chimene chinalembedwa ku Nicaea. Mawu amene ndinkangowalakatula ngati ndakatulo anayamba kumveka ngati yankho la funso lenileni limene anthu anakanganapo. Mayi wina wachikulire anafunsa kuti zonsezi zikumuthandiza chiyani iye amene sadziwa ngakhale kumene Nicaea ili, ndipo mphunzitsiyo sanamuseke kapena kumudula. Anamuyankha kuti ngati Yesu ali cholengedwa chabe, ndiye kuti pemphero limene mayiyo amapereka m'dzina lake likupita kwa wolengedwa mnzake. Mayiyo anangogwedeza mutu, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi funso lina lovuta kuposa loyambalo.

Mapemphero a Lamulungu ndi osavuta kutsatira. Kumakhala nyimbo, kuwerenga Malemba, ulaliki, mapemphero opembedzera, chopereka, ndipo kamodzi pa mwezi Mgonero wa Ambuye. Ndondomekoyi si yachilendo, pakuti Justin Martyr, mlembi wachikhristu wakale, polemba cha m'ma 150, anafotokoza kuti Akhristu a nthawi yake ankasonkhana tsiku loyamba la sabata, kuwerenga zolemba za atumwi ndi za aneneri, kumva chilangizo cha wotsogolera, kupemphera, kulandira mkate ndi chikho, ndi kusonkha thandizo la ana amasiye, amayi amasiye, odwala ndi am'ndende. Abusa a mpingo uno amalalikira buku lathunthu motsatana m'malo mosankha ndime zowakomera, ndipo pamene ndinkafika anali pakati pa Marko, buku la mitu 16 limene anatha nalo miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti mlaliki sangathawe ndime zowawa. Atafika pa mutu 10, pamene pali nkhani ya kutha kwa ukwati ndiponso ya munthu wachuma amene anachoka ali wachisoni, m'tchalitchi munali zii, ndipo zinaoneka kuti mlalikiyo mawuwo ankamulasanso iye mwini.

Chodandaulitsa pa Lamulungu ndi zokuzira mawu, zimene anyamata oziyendetsa amazikweza mpaka makutu kulira, kotero kuti okalamba amene amakhala kutsogolo kuti amve bwino ndi amene amavutika koposa. Zolengeza nazo zimatalika mosayenera. Tsiku lina zinatenga nthawi yofanana ndi ulaliki, chonsecho zambiri mwa izo zinali zitatumizidwa kale pa WhatsApp.

Utsogoleri ndi umene ndinauyang'anitsitsa kwambiri, chifukwa mipingo yambiri imene imasweka, imaswekera pamenepa. Pano pali abusa, akulu a mpingo ndi atumiki, ndipo ntchito zawo ndi zogawidwa momveka bwino. Akulu amayang'anira chiphunzitso, mwambo ndi moyo wauzimu wa mabanja, pomwe atumiki amasamala za chuma, nyumba yopemphereramo ndi thandizo la osowa. Kugawana kotereku kumachokera pa Machitidwe 6, pamene Ayuda olankhula Chigriki anadandaula kuti amayi awo amasiye akuiwalidwa pogawa thandizo la tsiku ndi tsiku, ndipo atumwi anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, ena mwa iwo Stefano ndi Filipo, kuti atumwiwo apitirize kupemphera ndi kulalikira. Ndinakhalapo pa chisankho cha akulu, ndipo mayina asanatchulidwe mlembi anawerenga 1 Timoteo 3 ndi Tito 1 mokweza. Munthu ukamvetsera bwino ndime zimenezi umazindikira kuti pafupifupi zonse zofunika kwa woyang'anira ndi za khalidwe, monga kudziletsa, kuchereza alendo, kusakonda ndalama, kusakhala wandewu ndi kuyendetsa bwino banja lake, ndipo luso lotchulidwa ndi kudziwa kuphunzitsa basi. Bambo wina wodziwika kuti amapereka kwambiri sanasankhidwe, m'malo mwake anasankhidwa munthu wosaoneka ngati kanthu amene kwa zaka zambiri wakhala akutsegula tchalitchi m'mamawa. Sindikudziwa zimene zinali m'mitima ya ovota, koma chotsatira chake chinandipatsa chikhulupiriro mwa mpingowu kuposa ulaliki uliwonse.

Za ndalama ndinazionera pafupi tsiku limene ndinaiwala ambulera ndi kubwerera m'tchalitchi anthu atabalalika. Pa tebulo la pambali panali anthu atatu, msungichuma ndi atumiki awiri, mbale za chopereka zili pakati pawo. Mmodzi ankawerenga mokweza, wina ankabwereza kuwerenga mulu womwewo, ndipo wachitatu ankalemba m'buku. Atamaliza onse atatu anasayina pansi pa chiwerengerocho, ndipo abusa panalibe, ngakhale pafupi. Ndinamva pambuyo pake kuti abusawo sagwira ndalama za mpingo ndipo sasayina nawo ku banki, ndiponso kuti owerenga chopereka amasinthidwa mwezi uliwonse. Miyezi itatu iliyonse lipoti la zolowa ndi zotuluka limamatidwa pa bolodi la pakhomo, ndipo aliyense ali ndi ufulu wofunsa. Paulo mwiniwake, potumiza chopereka cha abale a ku Yerusalemu, sanafune kuchinyamula yekha, ndipo pa 2 Akorinto 8:20-21 akufotokoza kuti ankapewa kuti wina angawanenere zoipa pa kayendetsedwe ka mphatsoyo, pofuna kuchita zoyenera pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa anthu omwe. Kunena zoona lipotilo ndi lovuta kuliwerenga kwa munthu amene sanaphunzire za akaunti, ndipo ndikanakonda akanamalifotokozanso pakamwa, koma kulipo kwake kokha kumatseka pakamwa pa miseche yambiri.

Komabe chimene chandisunga mu mpingo uno si Lamulungu ayi, koma masiku ena asanu ndi limodziwo. Mwezi wachisanu chifikireni changa mwana wanga anagonekedwa m'chipatala kwa masiku asanu ndi anayi, ndipo ine sindinauze aliyense wa ku tchalitchi chifukwa ndinkadziona ngati mlendo amene sayenera kuvutitsa anthu. Lachitatu madzulo ndinangoona mkulu wa mpingo wa m'dera lathu ataima pakhomo la wodi pamodzi ndi akazi awo, kope lakale la sukulu lili m'manja. Anandipatsa moni mwaulemu n'kunena kuti, "Mayi, sitinakuoneni Lamulungu, ndiye tinafunsa kwa oyandikana nanu. Mwana ali bwanji?" Ndinayankha kuti, "Akuyesera, bambo, koma usiku sitikugona." Sanalalikire. Anawerenga Salimo 121, anapemphera mwachidule, kenaka mayiwo anandiuza kuti ndipite kunyumba ndikasambe ndi kugona maola awiri, iwo akhala ndi mwanayo. Potuluka ndinasuzumira m'kope lija ndipo ndinaona mayina a mabanja onse a m'dera lathu, pambali pa dzina lililonse pali tsiku limene anawayendera komaliza ndi mawu awiri atatu, monga wodwala, wachotsedwa ntchito, mayeso, wofedwa. Dzina langa linali kumapeto, lolembedwa ndi cholembera cha mtundu wina.

Kope limenelo ndilo chida chachikulu cha mpingo uno, ngakhale silitchulidwa pa guwa. Magulu a m'madera amakumana mkati mwa sabata m'nyumba za anthu, ndipo kumeneko ndi kumene zimadziwika kuti wina sanalipire lendi, wina ukwati ukugwedezeka, wina wasiya kumwa mankhwala. Yakobo 1:27 amati chipembedzo choyera ndi kusamalira ana amasiye ndi amayi amasiye m'masautso awo, ndipo ndaona kuti atumiki a pano amachita zimenezi mwakachetechete, popanda kujambula zithunzi za wolandira thandizo kuti aziike pa Facebook, chinthu chimene ndimachiyamikira kwambiri chifukwa umphawi wa munthu si chionetsero.

Koma mphamvu yomweyi ndi imene ikubisa vuto lalikulu la mpingowu. Anthu amene amagwira ntchito zonsezi ndi ochepa, ndipo ndi omwewo chaka ndi chaka. Mkulu amene anandiyendera kuchipatala ndi yemweyo amene amaphunzitsa kalasi ya Loweruka, ndi yemweyonso amene amalalikira abusa akachoka, ndipo nkhope yake ikuonetsa kutopa. Pa Eksodo 18 Yetero anaona mkamwini wake Mose akuweruza anthu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo anamuchenjeza kuti adzalefuka pamodzi ndi anthuwo, namulangiza kuti aike atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10. Mpingo uno ndimeyi umaidziwa, koma sunayambe kuichita mokwanira. Achinyamata alipo ambiri ndithu, ena ndi aphunzitsi, anamwino ndi odziwa za makompyuta, koma ntchito imene amapatsidwa ndi kuimba, kukonza mipando ndi kuyendetsa zokuzira mawu zija. Ndinafunsa mkulu wina chifukwa chake sawatenga poyendera odwala kuti aphunzire, ndipo anandiyankha kuti ana a masiku ano sakhazikika. Yankho limenelo silinandikhutiritse, pakuti munthu sakhazikika pamalo pamene sanapatsidwe chogwira, ndipo Aefeso 4:11-12 amanena momveka kuti ntchito ya abusa ndi aphunzitsi ndi kukonzekeretsa oyera mtima kuti iwowo agwire utumiki.

Ofesi ya mpingo nayo ndi yofooka. Kalata yanga yosamukira kuchokera ku mpingo wakale inasowa kawiri, ndipo panapita miyezi itatu dzina langa lisanalowe m'kaundula, ngakhale kuti m'kope la mkulu uja linali litalowa kale. Ndinapepesedwa mwaulemu, koma ndamva kuti si ine ndekha amene zinandichitikira. Pakhomo lalikulu pali masitepe asanu opanda njira ya njinga ya olumala, kotero kuti bambo wina amachita kunyamulidwa ndi anyamata sabata iliyonse, ndipo ngakhale amaseka nawo, ndikukayika ngati mumtima mwake zimamusangalatsa. Ndiponso mawu oti kupita, amene ali koyambirira kwa ndime ya pakhoma ija, sakuoneka kwenikweni. Mpingo umasamala anthu ake bwino kwambiri, koma oyandikana ndi tchalitchi amene sapemphera nawo amangoudziwa ndi phokoso la Lamulungu.

Pa nkhani ya mwambo ndinaona mlandu umodzi wokha, ndipo unayendetsedwa motsatira Mateyu 18:15-17, kuyamba ndi kukambirana kwa awiri, kenaka mboni, osati kuyamba ndi kulengeza pa guwa. Ambirife tinadziwa kuti panali nkhani pokhapokha munthuyo atabwezeretsedwa ku Mgonero, ndipo ngakhale pamenepo tchimo lake silinatchulidwe.

Amene akufuna mapemphero a chionetsero, maulosi a sabata iliyonse kapena malonjezo a chuma chofulumira adzatopa nawo mpingo uno pasanathe mwezi, ndipo wachinyamata wofunitsitsa kutumikira ayenera kubwera ndi mtima woleza ndi pakamwa posachita manyazi kupempha ntchito. Koma banja limene lasamukira kumalo achilendo, munthu amene anakhumudwapo ndi kusowa kwa ndalama za mpingo kwina, kapena amene akufuna kumvetsa zimene amakhulupirira, ndingamulimbikitse kuti ayesere kwa miyezi itatu, ndipo asangobwera Lamulungu lokha koma apitenso ku gulu la m'dera lake. Msonkhano wa mpingo wonse uliko mwezi wamawa, ndipo mlembi wanditsimikizira kuti nkhani ya masitepe ndi ya kutenga achinyamata poyendera odwala zalembedwa pa mndandanda wa zokambirana. Ndauza kale mkulu wa m'dera lathu kuti ngati akufuna womuthandiza kunyamula kope lija Lachitatu, ine ndimaweruka ku ntchito 4 koloko.