GParted Live: chida chabwino chogawira hard drive yaikulu pa kompyuta yakale

Makompyuta ambiri a m'mashopu a fotokope ndi ojambulitsa nyimbo pa Dedza boma, pa Lizulu mpaka ku Ntcheu ndi aja a kaunjika a Core 2 Duo, monga Dell OptiPlex 755 ndi 780. Eni ake amachotsamo hard drive ya 160 GB n'kuikamo ya 1 TB kuti mafilimu akwane, ndipo ena akufuna Linux pambali pa Windows, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Pa ntchito yogawa diski yotereyi, GParted Live ndiyo tikuivomereza. Ndi yaulere, imalowa pa flash ya 1 GB kudzera mu Rufus (pulogalamu yoikira mafayilo a ISO pa flash), ndipo imadzuka yokha popanda kudalira Windows kapena Linux. Ngati purosesa ndi ya 32-bit, funani ISO yakale yolembedwa i686, poti zatsopano ndi za amd64 zokha.

Ubwino wake waukulu ndi woti imakuonetsani diski yonse monga ilili, ndipo siikhudza kanthu mpaka mutadina Apply. Mutha kupanga, kuchepetsa, kufufuta, n'kubweza zonse musanawononge kalikonse. Imayambitsanso patishoni (chigawo cha diski) iliyonse pa malire a 1 MiB. Izi n'zofunika, chifukwa ma diski aakulu ambiri ali ndi masekita a 4096 bytes, pamene Windows XP inkayambira pa sekita 63, ndiye diski imalemba pang'onopang'ono ngati ngolo yokwera phiri.

Koma GParted siyikuuzani zimene BIOS yanu (pulogalamu ya m'kati imene imadzutsa kompyuta) ingathe. Makompyuta akalewa alibe UEFI, yomwe inalowa m'malo mwa BIOS, choncho Windows siingadzuke pa diski ya GPT, kagawidwe katsopano ka diski. Mu GParted sankhani msdos, ndiye MBR, kagawidwe kakale. MBR imathera pa 2 TiB: mukagula diski ya 3 TB kapena 4 TB, malo opitirira pamenepo angokhala osagwira ntchito. Yotereyo iikeni ngati diski yachiwiri ya GPT yosungira zinthu, podziwa kuti Windows 7 kupita m'tsogolo imaiwerenga koma XP ya 32-bit ayi. Makina akale kwambiri a nthawi ya Pentium 4 yoyambirira ali ndi malire ena, BIOS yawo imaona 137 GB yokha. Pamenepo C: ndi patishoni ya Linux zonse zikwane mkati mwa 128 GiB zoyambirira.

MBR imalola mapatishoni oima paokha, otchedwa primary, anayi okha. Diski ya 1 TB imaoneka ngati 931 GiB, ndipo musaganize kuti wogulitsa wakuberani, ndi kawerengedwe chabe. Ikani Windows choyamba, chifukwa ikabwera pambuyo imafufuta GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux. Windows 7 imatenga ma primary awiri, System Reserved ndi C:, ndipo C: muipatse 150 GiB. Yachitatu ikhale extended (patishoni yosunga zina mkati) ya 54 GiB, mkati mwake 50 GiB ya ext4 yoikamo Linux ndi 4 GiB ya swap, malo othandizira RAM. Malo otsala, pafupifupi 727 GiB, akhale NTFS yosungira nyimbo, mafilimu ndi ntchito za makasitomala. NTFS osati FAT32, chifukwa FAT32 imakana fayilo yopitirira 4 GiB. Osatinso ext4, chifukwa Windows siiwerenga, ndipo nthawi zina imakufunsani ngati mukufuna kuifomata. Mukavomera, zonse zili m'menemo zapita.

Chenjezo lina: mukayesa kupanga patishoni yachisanu ndi Disk Management ya Windows pamene ma primary anayi adzaza kale, imakupemphani kusandutsa diski kukhala dynamic. Kanani. Pulogalamu yoikira Linux siigwira bwino diski yotero, ndipo GParted siyingaibweze.

Pamene anthu amalirira kwambiri ndi pochepetsa C: yomwe ili kale ndi zinthu. Musanayambe, koperani zofunika pa diski ina. Kenako mu Windows lembani chkdsk C: /f, dzutsani makina kawiri, n'kulemba powercfg /h off kuti muzimitse hibernation ndi Fast Startup. Mukapanda kutero, GParted imaika kachizindikiro kochenjeza pambali pa patishoni n'kukana kuichepetsa, ndipo ikuchita bwino kukana. Fast Startup yomweyo ndi imene imachititsa kuti Linux itsegule patishoni yogawana ija koma osalola kusungamo kanthu.

Pochepetsa, kokani mbali ya kumanja yokha. Mukasuntha poyambira pa C:, GParted iyenera kusamutsa deta yonse, ntchito ya maola angapo pa makina akale, ndipo Windows itha kukana kudzuka mpaka mutaikonza ndi Startup Repair. Apa mpamene kufooka kwa chidachi kukuonekera: magetsi akathima kusamutsa kuli pakati, palibe batani loti ipitirize pamene inalekera, ndipo deta imatha kuwonongeka. Kompyuta ya patebulo yopanda UPS (batire yosunga magetsi) kapena invita musaiyambitse ntchito imeneyi, makamaka nyengo ya mvula. Laputopu ikhale ndi batire yogwira, chaja ili pakhoma.

Mukamaliza, Windows idzayendetsa chkdsk yokha podzuka koyamba. Isiyeni imalize. Mudzaonanso kuti mukachoka ku Linux kupita ku Windows wotchi yabwerera maola awiri, chifukwa Linux imasunga nthawi ya UTC pamene Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Mu Linux lembani timedatectl set-local-rtc 1 ndipo zitha.

Diski yogula pa kaunjika iyambe yapimidwa ndi GSmartControl, yomwe ili mu GParted Live momwemo. Ngati Reallocated Sector Count kapena Current Pending Sector sizili pa 0, ibwezeni kwa wogulitsa musanaigawe.