Ofesi ya maloya imene inandithandiza nditagwa pa ntchito yomanga

Ndine mmisiri womanga nyumba ku Lilongwe. Thabwa limene ndinaponda litathyoka, ndinagwa kuchokera pamwamba n'kuthyoka dzanja lamanja, lomwe ndimagwirira chipande. Kapitawo anandifumbatitsa K20,000 "ya mankhwala", nkhani akuti yathera pompo.

Mlamu wanga ndiye ananditengera ku kaofesi kena ka maloya. Mayi amene ndinawapeza anandikhazika pansi, n'kundiyankhula m'Chichewa chomveka, osati Chingerezi chothyola lilime. Anandiuza kuti pali lamulo la chipukuta misozi kwa ogwira ntchito la chaka cha 2000, ndipo ngakhale waganyu wa masiku ambiri asamangodziyesa wopanda ufulu. Njira zinali ziwiri: kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya boma, kumene ndalama amawerengera malipiro ako ndi maperesenti a kulumala amene dokotala walemba, kapena kusumira kontrakitala kukhoti chifukwa chosasamala. Anandichenjeza kuti zakukhoti zimachedwa. Ndinasankha yoyamba.

Chimene chinandigwira mtima n'choti anafunsa buku langa lakuchipatala, n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba, mpaka anapeza kuti tsiku la ngozi linalembedwa molakwika. Pandekha sindikanaona.

Koma foni, abale inu! Kuimba katatu osayankha, ndiye uzitha ndalama ya minibasi kukangofunsa "zili pati?" Zolipira anandiuza pakamwa, mpaka ndinachita kuumirira kuti alembe papepala.

Ndalama zinatuluka, koma dzanja limaumabe m'mawa kukazizira. Ofesi imeneyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu.