Merriam-Webster yamupulumutsa mphwanga pa phenolphthalein

Mphwanga ali Fomu 4 ndiye dzana anabwera nkhope ili yakugwa, akuti kalasi yonse yamuseka mu labu chifukwa cha liwu limodzi lokha, phenolphthalein, kamankhwala kaja amadontheza popanga titration (njira yoyezera mphamvu ya asidi kapena alkali), mu asidi kamangooneka ngati madzi koma kakakumana ndi alkali kamasanduka pinki. Iyeyo anangowerenga mwa Chichewa, ph ya phala, th ya thumba, zinatuluka "phenolo-phuthaleni" ndiye inenso sindinama ndinayamba ndaseka kaye.

Tinalowa pa webusaiti ya dikishonale ya Merriam-Webster pa foni yanga, ndi yaulele bola ukhale ndi kabandulo. Chimene chandisangalatsa nchoti liwulo analiduladula kale ndi timadontho, phe·nol·phtha·lein, ndiye ukaliona choncho mantha onse amatha, umaona kuti kutsogoloko ndi phenol basi, dzina la mankhwala ena. Pali kachizindikiro ka sipika, ukadina munthu amalitchula, ife tinadina mwina ka 10 mpaka mayi anafunsa kuti kodi foniyo yagwidwa chibwibwi. Ph yoyamba ndi f, imamveka "fii-nol", pomwe ph yachiwiri ija yapakati siimveka nkomwe, amangodumphira pa th, ndipo th yake si ya thumba ayi, ndi ija umaika lilime pakati pa mano ngati potchula think. Apa mpomwe panavuta zedi, mphwanga malovu anali kuulukira pa sikilini koma pofika nthawi ya nsima anali atakhoza.

Chinthu chimodzi muchidziwe, timadonthoto kwenikweni timasonyeza poduliramo liwu likapanda kukwana pa mzere, ndiye ofuna masilabulo enieni ayang'ane mzere wa katchulidwe wapansi pakewo, ndipo pamenepo aika njira zingapo, ena kumapetoko amati "liin" ena amakoka kuti "li-yan", zonse nzolondola. Komanso ndi dikishonale ya ku America, ndiye aphunzitsi anu akamatchula mwa chi British mosiyana pang'ono musakayambane nawo chonde, pa MSCE amachonga sipelo osati pakamwa.

Ine ndaipatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa poti zizindikiro zawo za katchulidwe zija ngati e wotembenuka zimafuna kuzolowera. Mawa akuti tikayese kutchula dzina la mankhwala ena, potassium permanganate, koma bandulo agula yekha.